Minibasi Pakati pa Mizere

Ndiyambe ndi kuvomera kuti tisavutane: amene anachititsa kuti pulogalamu ya Ntchisi iname pamaso pa alendo ndine. Ena mpaka lero amati inali vairasi. Ena amati kompyuta inapenga ndi kutentha kwa Okutobala. Ayi ndithu. Ndinali ine, ndi timawu tiwiri timene ndinalowetsa pamalo pamene tonse tinaletsedwa kuyang'anapo.

Ntchisi si dzina lake. Pa sekondale yathu yogonera, kumtunda kwa boma la Dowa, kalabu ya makompyuta inali ndi anthu asanu ndi anayi, koma kompyuta yoyaka inali imodzi. Aphunzitsi a masamu, amene tonse tinkangowati Sala, anaika lamulo loti dzina la fayilo iliyonse liziyamba ndi kwawo kwa mwini wake, kuti tisafufutirane ntchito. Pasanathe mwezi tinali titayamba kuitanana momwemo. Mtsikana ameneyu anakhala Ntchisi, mnyamata wina wamtali anakhala Mponela, ine ndinakhala Mvera. Zinatilowerera moti chala chinkalemba chokha dzina la kwanu mutu usanaganize n'komwe.

Lamulo lachiwiri linali la fayilo yotchedwa manga. Sala ankatiphunzitsa Fortran, chifukwa ndi imene iwo anaphunzira ku koleji, komanso kompyuta yokalambayo inkainyamula mosadandaula. Zimene walemba mu Fortran sizingayende mpaka zitadutsa mu kompayila, pulogalamu imene imazisandutsa zinthu zoti makina amve. Kompayilayo imafuna kuuzidwa zambiri, ndiye Sala analemba zonsezo kamodzi mu manga. Iwe unkangolemba kuti manga, kenako dzina la kwanu, n'kudikira.

"Manga musamatsegule," ankatero Sala. "Mukasuntha kadontho kamodzi, tonse tagwa."

Ndipo palibe ankatsegula. Anthu ankaopa fayilo imeneyo kuposa ofesi ya ahedi. Ine ndinaitsegula sabata yoyamba yomwe, chifukwa chinthu chikaletsedwa ndiye chimandiyabwa m'manja.

Munali ziganizo zitatu zokha. Zimene zinandikopa ndi tizilembo tiwiri, -J ndi -I. Sala anali atatifotokozerapo tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, anzanga onse akuwodzera. Pulogalamu yaikulu timaigawa m'zigawo zotchedwa modyulo. Kompayila ikamanga modyulo, imasiya kafayilo kakang'ono kothera ndi .mod, kofotokoza zimene zili m'modyulomo, ngati kapepala kamene amamata pa thumba la mbewu. Ikafika pa pulogalamu yaikulu, siibwereranso kukawerenga zimene unalemba mu modyulo muja. Imangofuna kapepalako. Ndiye -J imauza kompayila foda yoikamo timapepala timeneti, pamene -I imaiuza foda yokatifunamo. Mukalemba -I kawiri, imayamba ndi foda yoyamba, ndipo ikapeza dzina limene ikufuna imatenga pompo. Siifunsa kuti wasiya ndani.

Mu manga, zonse ziwiri zinkaloza foda imodzi yotchedwa zotuluka. Ndinatseka, n'kusunga nkhaniyo mumtima ngati mwala wa legeni m'thumba.

Teremu imeneyo kunamveka kuti bungwe lina la ku Dzaleka, lophunzitsa achinyamata za makompyuta, litenga wophunzira mmodzi pa sukulu yathu kuti akaphunzire kumeneko tchuthi chonse cha Disembala. Mmodzi yekha. Opikisana enieni anali awiri, Mponela ndi pulogalamu yake yosanja malikisi, ndi Ntchisi ndi pulogalamu ya munda. Ya Ntchisi unkaiuza kukula kwa munda, iyo n'kukuuza mapando a chimanga amene alowemo ndi mbewu yofunika. Anaigwirira miyezi iwiri. Bambo ake anali atamuuza kuti za makompyutazi n'zotaya nthawi, ndipo akapanda kusankhidwa asiye kalabu, tchuthi akathere m'munda wa fodya ngati ana anzake. Izi anatiuza yekha, akuseka, koma kuseka kwake kosafika m'maso.

Ndiye bwanji ndinamuchita chipongwe? Chifukwa cha pakamwa pake. Tsiku lina ndinamupempha kuti andisiyireko mpando, iye osatembenuka n'komwe.

"Iwe Mvera, kompyuta umaifuna ya chiyani? Ulibe nyimbo muno."

Kalabu yonse inaseka, mpaka Sala anabisa pakamwa ndi buku. Ine ndinasekanso nawo, koma ndinali nditayamba kale kuwerengera.

Miyeso yonse ya pulogalamu yake inali mu modyulo imodzi yotchedwa miyeso: masentimita 75 pakati pa mzere ndi mzere, 25 pakati pa phando ndi phando. Lolemba, itakwana nthawi yanga pa kompyuta, ndinakopera modyulo imeneyo, ndinasintha 75 kukhala 750, n'kuimanga pandekha. Kafayilo ka .mod kamatenga dzina la modyulo, osati la fayilo imene walembamo, ndiye kanga kanatulukanso kali miyeso.mod, mapasa enieni ndi kake. Ndinakaika mu foda imene ndinaitcha .pansi, poti foda yoyamba ndi kadontho siioneka ukangoyang'ana mwachisawawa. Kenako ndinatsegula manga, ndinalemba -I .pansi patsogolo pa -I zotuluka. Fayilo imene ndinalembamo 750 ndinaifufuta. Zonsezi mphindi zosakwana zisanu, Mponela ali kumbuyo kwanga akudya chinangwa osaona kanthu.

Cholinga changa chinali Lachitatu. Tsiku limenelo tinayenera kuyeserera tokhatokha, alendo asanabwere Lachisanu. Ntchisi akanamanga pulogalamu yake, ikanatulutsa zamisala, tikanamuseka, ine n'kudzuka ngati dokotala kukaichiritsa, n'kumufunsa ngati akufuna nyimbo. Basi.

Lachitatu magetsi anazima m'mawa. Sala anati tiyeserera mawa. Lachinayi tili pa asembule, ahedi analengeza kuti alendo asintha tsiku, afika lero lomwe nthawi ya teni chifukwa Lachisanu galimoto yawo ili ndi ulendo wina.

Ndinathamangira ku chipinda cha makompyuta, ndinapeza loko. Ndinakapeza Sala ku ofesi ya aphunzitsi.

"Sala, ndiyambe ndakasesako? Alendo asapeze fumbi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Iwe kusesa? Wadwala?"

"Ndikungofuna kuthandiza, Sala."

"Pita m'kalasi. Kiyi sachoka m'thumba langa."

Magetsi anali atabwera. Ndinapemphera kuti azimenso, koma tsiku limenelo anayaka ngati akulipidwa.

Alendo anali awiri. Mayi wa ku bungwe lija, wovala magalasi, wolankhula Chichewa chapang'onopang'ono chosankha mawu, tinkamuti Madamu. Wina anali bambo wachikulire, mlangizi wa zaulimi wa ku boma, amene anabwera naye dala atamva kuti pali pulogalamu ya munda. Ahedi anakhala pakhomo. Ife ena tinaima kukhoma ngati mbuzi zousa mvula.

Mponela anayamba. Yake inayenda bwino, malikisi anasanjika, Madamu anagwedeza mutu n'kulemba kanthu m'kabuku. Kenako Ntchisi anakhala pa mpando. Anali atachapa yunifolomu usiku wake, kolala yosita ndi simbi ya makala. Analemba manga ntchisi. Ine ndinayang'ana kudenga, kuwerenga mabowo a malata.

"Tiyese ekala imodzi, mwana wanga," anatero alangizi.

Analemba 1. Pa sikirini panatuluka mapando 2,158.

Alangizi anayandikira, anatsinzinira diso limodzi. "Zikwi ziwiri, pa ekala yathunthu? Ndiye kuti pakati pa mzere ndi mzere padutsa minibasi ya ku Lilongwe, kondakitala atalendewera pakhomo."

Anthu anaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene ndinakukonza ndekha Lolemba, koma kutafika sindinakumve kukoma. Ntchisi sanaseke. Anatsegula fayilo yake ya miyeso, n'kuloza ndi chala.

"Onani, bambo, ndi 75. Ndinalemba 75."

"Pamenepo ndi 75 ndithu," anavomera alangizi. "Koma makinawa akunena zina."

Anamanganso. 2,158. Anafufuta zonse za mu zotuluka kuti kompayila iyambe pachiyambi, monga Sala anatiphunzitsira zinthu zikavuta. Anamanga kachitatu. 2,158. Ndinkadziwa kuti angafufute mpaka Khirisimasi, palibe chingasinthe. Kompayila inkalemba kapepala kake katsopano bwinobwino, n'kukaika mu zotuluka, koma pofuna kuwerenga inkayamba yadzera kwa ine.

Thukuta linatsika kuseri kwa khutu la Ntchisi mpaka pa kolala yosita ija.

Madamu anatseka kabuku kawo. "Ndifunse chinthu chimodzi, usakhumudwe. Pulogalamuyi unalemba wekha?"

"Ndekha, Madamu."

"Chifukwa nthawi zina munthu amapatsidwa ndi mchimwene wake, kapena amatenga pa intaneti. Ikavuta, sadziwa pogwira."

"Ndinalemba ndekha." Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

Sala anayang'ana pansi. Ndi chimene chinandiwawa kwambiri, kuti ngakhale iwo, amene anamuona akuvutika nayo miyezi iwiri, sanatsegule pakamwa. Panja dalaivala wa alendo analiza hutala. Ahedi anayang'ana wotchi n'kunena kuti alendo akudikiridwa pa sukulu ina asanaweruke.

"Mphindi zisanu," anatero Madamu. "Zikakanika, palibe mlandu. Tatenga kale chithunzi cha zimene taona."

Mponela anayamba kukonza tayi.

Apa mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinadzuka n'kuulula. Sindinadzuke. Ndinali kale ndi machenjezo awiri teremu imeneyo, lina la nanzikambe amene anapezeka m'chikwama cha pulifekiti, lina la belu limene linalira nthawi ya chakudya isanakwane. Chenjezo lachitatu likanatanthauza kukatenga kholo ku Mvera, ndipo bambo anga sayenda ulendo wotere manja ali m'thumba. Ndinkangoti mumtima, tsegula manga, iwe Ntchisi, tsegula manga. Ndinatsokomola mwina andiyang'ane. Amene anandiyang'ana ndi ahedi.

Ntchisi anachotsa manja pa kiyibodi n'kuwaika pa maondo. Anakhala choncho mpaka ndinaganiza kuti wagonja. Kenako anayamba kulankhula, osati kwa ife, koma ngati munthu wowerenga ndalama za chigayo payekha.

"Pulogalamu yaikulu siwerenga fayilo yangayi. Imawerenga .mod. Ya mu zotuluka ndaifufuta, yabweranso yatsopano, ndiye ili ndi 75. Ndiye kuti sikuwerenga imeneyo."

Anatembenuka pa mpando. "Sala, ndingatsegule manga?"

Kukhoma kuja wina anapuma mokweza. Sala anakwinya nkhope.

"Mu manga mulibe vuto. Ndinalemba ndekha, ndipo ya Mponela yangoyenda kumene ndi manga yemweyo."

"Sindikuti munalakwitsa, Sala."

"Nanga ukuti chiyani?"

Mwana wa sukulu kutsutsa mphunzitsi pamaso pa ahedi ndi alendo, kwathu kuno si nkhani yaing'ono. Akanangoti pepani, nkhani ikanathera pomwepo, iyenso n'kuthera m'munda wa fodya.

"Ndikuti ya Mponela ilibe modyulo ya miyeso. Yanga ili nayo. Amene amauza kompayila kokaifuna ndi manga. Ndingoyang'ana, Sala, sindikhudza."

Hutala inaliranso. Madamu anatsegulanso kabuku kaja. "Aphunzitsi, mloleni aone."

Sala anakweza dzanja ngati akuti zako izo. Ntchisi anatsegula. Aka kanali koyamba kuti aone m'kati mwa fayilo imene ankaigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Anaika chala pa sikirini n'kumawerenga mokweza, kachidutswa kamodzikamodzi, ngati mwana wa Sitandade 1.

"-J zotuluka. Apa ndi poika. -I .pansi. -I zotuluka." Chala chinabwerera m'mbuyo. "Sala, .pansi n'chiyani?"

Sala anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. "Izi sindinalembe ine."

"Ndichotse?"

"Chotsa."

Anafufuta timawu tanga tiwiri. Analemba manga ntchisi. Analemba 1. Panatuluka mapando 21,584.

Alangizi anatulutsa foni, anadinadina, n'kugwedeza mutu. "Eya. Minibasi yabwerera ku depoti."

Ulendo uno anthu anaseka momasuka, ine ndinaseka kuposa onse. Madamu sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi Ntchisi, za hutala ataziiwala.

"Undiuze. Bwanji kufufuta kuja sikunathandize?"

"Chifukwa poika ndi pofuna panasiyana, Madamu. Ine ndimafufuta pamene imaika. Koma pofuna inauzidwa malo awiri, ndipo imatenga pamene yayamba kupeza. Wina anaika miyeso yake pa malo oyambawo."

"Unadziwa kale zimenezi?"

"Sala anatiuzapo. Koma ndazimvetsa lero."

Madamu analemba nthawi yaitali. Ine ndinayamba kupuma bwino. Pulogalamu yachira, mtsikana wapulumuka, fayilo yanga ndinaifufuta Lolemba. Ndani akanandigwira? Ndinayamba kale kukonza nkhope yodabwa, yoti ndidzafunse nayo anzanga kuti koma anthu ena nkhanza bwanji.

"Tiyeni tione mlendo wathuyu," anatero Madamu. Anasuntha kiyibodi, analowa mu .pansi, n'kulemba kenakake kamene sindinakaonepo. "Timafayilo timeneti timakhala tofinyidwa, koma tikatifutukula, pamwamba penipeni kompayila imalemba kuti kanachokera mu fayilo iti."

Zimenezo Sala sanatiphunzitse. Sikirini inadzaza manambala ndi mabulaketi, koma pamwamba pake panali mawu owerengeka bwino, ndipo kumapeto kwake kunali mvera_miyeso.f90.

Chala changa. Lolemba lija, pokopera fayilo, chinalemba chokha dzina la kwathu monga mwa masiku onse. Munthu wokonza chiwembu n'kusainira.

Madamu anafunsa kuti Mvera n'chiyani pamenepa. Mitu yonse inangotembenukira kukhoma, ndipo pa sukulu yonse wa kalabu wochokera ku Mvera analipo mmodzi.

"Inali ya Lachitatu, Sala," ndinatero. "Magetsi ndi amene anasokoneza."

Alangizi anaseka mpaka kutsokomola. Ntchisi anandiyang'ana osaphethira, maso ofiira, ndipo ndikanakonda akananditukwana.

Malo a ku Dzaleka anapatsidwa iye. Madamu ananena pomwepo asanakwere galimoto, kuti pulogalamu yoyenda aiona pa sukulu iliyonse, koma mwana wofufuza vuto anthu akumuyang'ana, hutala ikulira, sanamuonepo. Mponela anavula tayi n'kuiika m'thumba. Mpaka lero amati ndinamudyera malo, ndipo pamenepo sindimutsutsa.

Ku ofesi ahedi anatenga kale pepala lolembera kalata ya kholo. Amene anandipulumutsa ndi Sala, ngakhale anali okwiya kuposa onse. Anati vuto lina ndi lawo, chifukwa anatiphunzitsa kuopa fayilo m'malo moiwerenga, ndipo m'kalabu yonse amene anaiwerenga ndi chitsiru chimodzi chokha. Chitsirucho ndinali ine, ndipo ndinazitenga ngati satifiketi. Kuyambira sabata yotsatira lamulo lachiwiri linatembenuka: aliyense asanamange, ayambe wawerenga manga mokweza. Woyamba kuwerenga ndi kufotokoza -I ndi -J pamaso pa kalabu anali ine, nditagwada.

Chilango chenicheni anachipereka ahedi mothandizidwa ndi alangizi, amene asananyamuke anathyola kamtengo n'kukayeza masentimita 75. Munda wa sukulu, kuseri kwa khitchini, unali usanagaulidwe. Anati ndiunge mizere yonse ndekha, Maloweruka awiri, dothi la Okutobala louma ngati njerwa, ndipo woyeza akhale Ntchisi.

Anabwera ndithu, ndi kamtengo kake ndi ambulera. Mzere uliwonse ankauyeza kumutu, pakati ndi kumchira. Ukapitirira ndi chala chimodzi ankaugumula ndi phazi.

"Bwereza, Mvera. Apa padutsa njinga."

"Koma ukudziwa kuti popanda ine ukanapita Mponela?"

"Lima."

"Ungonena zikomo kamodzi, ndimve."

"Zikomo akupatsa ndi khasu."

Ine khasu ndinaliyamba ndisanayambe sukulu, ndiye ahedi anangondipatsa Maloweruka awiri opanda sitade. Azimayi a kukhitchini ankandipatsa zokanda za m'poto pondimvera chisoni, ndipo ndinanenepa. Matuza anatuluka atatu okha. Pa mzere womaliza, Ntchisi atapita kukamwa madzi, ndinadula kamtengo kake kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo n'kukabwezera pamene anakasiya. Anayeza, anapeza mzere wanga wapitirira, anaugumula. Ndinauunganso ndikuimba.